NG'OMA ZA AMAI A KU RWANDA ZIPOLETSA ZILONDA ZA MUMTIMA

M'tauni ya Huye, kumwera kwa dziko la Rwanda, muli gulu la amai oimba ng'oma lodziwika ndi dzina lakuti Ingoma Nshya. Munthu wongowaona ataima pamzere, aliyense kumbuyo kwa ng'oma yake, timitengo tiwiri m'manja, angaganize kuti ndi ana a mimba imodzi. Koma pamene gululi linayamba m'caka ca 2004, ena mwa amaiwo anali anthu amene amuna awo, ana awo kapena makolo awo anaphedwa m'caka ca 1994, ndipo ena anali akazi ndi ana a anthu omwe anacita kuphako.

Awerengi athu angafunse kuti kodi zitheka bwanji mkazi wamasiye kuima phewa ndi phewa ndi mwana wa munthu wa kumbali imene inamuphera banja, nkumaimba naye nyimbo imodzi. Nkhani ya amai awa ili ndi phunziro kwa mudzi uli wonse umene uli ndi anthu osweka mtima, cifukwa ionetsa zimene kuimba pamodzi kungacite, ndiponso zimene sikungathe kucita.

Masiku 100 a mwazi

Usiku wa pa 6 April 1994, ndeke imene inanyamula mtsogoleri wa dziko la Rwanda, Juvénal Habyarimana, pamodzi ndi mnzake wa ku Burundi, Cyprien Ntaryamira, inaomberedwa pamene inali pafupi kutera mumzinda wa Kigali. Onse anali m'ndekemo anafa. Patangopita maola ocepa, asilikari ndi magulu a anyamata ochedwa Interahamwe anayamba kucinga miseu ndi kupha anthu a mtundu wa aTutsi, pamodzi ndi aHutu amene anakana kugwirizana ndi ciwembuco.

Kuphako kunatenga masiku pafupifupi 100, kufikira mwezi wa July. Bungwe la United Nations linawerengera kuti anthu okwanira 800,000 anataya miyoyo yawo, pamene boma la Rwanda limanena kuti anaposa 1,000,000. Ambiri anaphedwa ndi zikwanje ndi zibonga, ndipo kawirikawiri wakupha anali munthu wodziwana naye: mnansi wogawana naye moto, mnzake wa kusukulu, kapena wopemphera naye m'chalichi cimodzi. Akazi zikwi mazana anagwiriridwa, ndipo ambiri a iwo anapatsidwa kacirombo ka HIV.

Tauni ya Huye, imene nthawi imeneyo inkachedwa Butare, ili pa mtunda wa makilomita opitirira 120 kumwera kwa Kigali. Kumeneko kupha kunacedwa kuyamba cifukwa mkulu wa cigawo, Jean-Baptiste Habyalimana, amene anali mTutsi, analetsa zimenezi ndi mphamvu zake zonse. Boma la nthawiyo linamucotsa paudindo, ndipo pambuyo pake anaphedwa. Pa 19 April mtsogoleri wogwirizira wa dziko, Théodore Sindikubwabo, analankhula ku Butare mau osonkhezera anthu a kumeneko, ndipo m'masiku otsatira cigawoco cinasanduka cimodzi mwa zigawo kumene anthu anafa ocuruka koposa.

Cilonda cosaoneka ndi maso

Nkhondo itatha, anthu anabwerera m'midzi yawo. Dziko la Rwanda ndi laling'ono ndipo anthu ndi othithikana, motero wopulumuka analibe kwina kothawira. Ankatunga madzi pacitsime cimodzi ndi banja la amene anamuphera ana, nakumana nalo kumsika ndi kumapemphero. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndende za dzikolo zinali ndi anthu pafupifupi 120,000 oyembekezera milandu ya kupha. Akazi awo anatsala okha ndi ana, akunyamula cakudya kupita naco kundende, ndiponso akusenza manyazi a mlandu umene ambiri a iwo sanaupalamule.

Zilonda za zikwanje zinapola nkusiya zipsera, koma panali bvuto lina limene anthu a ku Rwanda analipatsa dzina lakuti ihahamuka, mau onena za munthu wobanika ndi mantha. Munthu wotere sapeza tulo, ndipo akagona amalota zomwe zija anaziona. Phokoso laling'ono limamudzidzimutsa. Nthawi zina, ali pakati pa nchito, zakale zimamubwerera ngati kuti zikucitika tsopano lino: mtima umagunda, mpweya umathawa, miyendo imafooka. Ena amaleka kulankhula, napewa anthu, nadzitsekera m'nyumba. Caka ciri conse pa 7 April dziko la Rwanda limayamba nyengo yokumbukira akufa, yochedwa Kwibuka, ndipo pamisonkhano yake pamakhala aphungu ndi anchito a zaumoyo okonzekera kuthandiza anthu amene amagwa pansi kapena kukuwa cifukwa ca kukumbuka.

Madokotala a matenda a maganizo amalidziwa bvutoli m'maiko onse kumene kunacitika nkhondo, ngozi zoopsa kapena nkhanza. Cimene amacigogomeza n'cakuti mantha otere amakhazikika m'thupi, ndipo amamulanda munthu cikhulupiriro mwa anthu anzake. Ndiye cifukwa cake kumuuza wodwalayo kuti aiwale ndi kulimba mtima sikuthandiza kanthu. Mwini wake amafunitsitsa kuiwala, koma thupi lake limakana.

Ng'oma inali ya mfumu

Mau akuti ingoma m'cinenero ca Kinyarwanda ndi abale a mau athu akuti ng'oma, koma kumeneko ali ndi tanthauzo laciwiri: ufumu, kapena nyengo ya ulamuliro. Mafumu a dzikolo anali ndi ng'oma yopatulika yochedwa Kalinga, imene inali cizindikiro ca mpando wao, ndipo ng'oma zinkalira kunyumba ya mfumu pa nthawi zoikika. Oimba ake anali amuna okhaokha. Ufumu unathetsedwa m'caka ca 1961, koma mwambo woletsa mkazi kukhudza ng'oma unatsalabe m'mitima ya anthu.

Kwa ife izi zingamveke zacilendo, popeza kuno kwathu amai amaimba okha ng'oma pa cinamwali ndipo palibe amadabwa nazo. Ku Rwanda cimodzi mwa zifukwa zimene zinkaperekedwa n'cakuti ng'oma ndi zolemera, mkazi sangazinyamule. Amai amene amasenza nkhuni ndi mitsuko ya madzi m'mapiri a dzikolo tsiku ndi tsiku adziwa okha ngati cifukwa cimeneco cinali ndi mutu.

Amene anathyola mwambowu ndi Mai Odile Gakire Katese, odziwika kwa ambiri ndi dzina lakuti Kiki. Iwo anabadwira m'dziko la Zaire, limene tsopano likuchedwa Democratic Republic of Congo, kwa makolo amene anacoka ku Rwanda, ndipo anadzakhala m'dziko la makolo awo kupha kuja kutatha. Nchito yao ndi yolemba ndi kutsogolera masewero, ndipo ankaigwira pa sukulu ya pamwamba ya National University of Rwanda ku Butare. M'caka ca 2004 anaitana amai a m'deralo kuti abwere kudzaphunzira ng'oma. Dzina limene anapatsa gululo, Ingoma Nshya, limatanthauza ng'oma yatsopano komanso ufumu watsopano. Linakhala gulu loyamba la akazi oimba ng'oma m'mbiri ya dzikolo.

Khomo linali lotsegukira mai aliyense, ndipo lamulo linali limodzi: za mitundu ndi za mbali imene munthu anali m'caka ca 1994 zizitsala kunja kwa mpanda. Ambiri mwa amene anabwera anali amai osauka a m'midzi, olima timinda tating'ono, ena osapita patali ndi sukulu.

Mmene ng'oma imagwirira nchito yake

Kuti timvetse cimene cinacitika pakati pa amai awa, tiyenera kuona mmene ng'oma za ku Rwanda zimaimbidwira. Ndi ng'oma zosemedwa pamtengo, zokutidwa ndi cikopa ca ng'ombe, zoimbidwa ndi timitengo tiwiri, ndipo zimaimbidwa zambiri nthawi imodzi. Pali yaing'ono ya liu lokwera yochedwa ishakwe imene imasunga mayendedwe a nyimbo, pali zapakati zochedwa inyahura, ndipo pali zazikulu za liu lakuya zochedwa ibihumurizo. Aliyense amene anamvapo mbalule ikuyankhana ndi mpanje pabwalo la gule adziwa kuti woimba mmodzi akangothamanga kapena kutsalira pang'ono, nyimbo yonse imapasuka, ndipo obvina amaima nkumuyang'ana.

Motero mai woimba ng'oma sangacitire mwina koma kumvetsera mnzake wa kumanja ndi wa kumanzere. Angakhale asanamukhululukire, angakhale asanamupatse moni ndi mtima wonse, khutu lake liyenera kukhala pa dzanja la mnzakeyo, ndipo mnzakeyo ayenera kudalira dzanja lake. Cikhulupiriro cimene mantha anacilanda cimayamba kubwerera pa kanthu kakang'ono: ndikamenya apa, iye amenya apo. Zikacitika kambirimbiri, sabata ndi sabata, thupi limazolowera kuti munthu uyu angaime pafupi popanda coipa kucitika.

Cina n'cakuti ng'oma siifunsa mafunso. Anthu ambiri opulumuka zoopsa amalephera kufotokoza zimene anaona, ndipo kuwakakamiza kulankhula nthawi isanakwane kumangotsegula cilonda. Pa ng'oma munthu amatulutsa ukali ndi cisoni ndi mikono yake, thukuta nkutuluka, popanda kuchula dzina la munthu aliyense. Kulankhula kumadza pambuyo, popuma, ponyamula ng'oma, kapena panjira yobwerera kunyumba, ndipo kumadza mwini wake akafuna.

Ng'oma imakokeranso maganizo ku nthawi ino. Munthu wobvutika ndi zakale amakhala ngati ali m'caka ca tsoka lake masiku onse. Koma nyimbo ya ng'oma siilola maganizo kuyendayenda, pakuti ukangocoka pang'ono waphonya. Kwa ola limodzi kapena awiri mutu umapuma ku zithunzi zija, ndipo munthu amabwerera kunyumba ali wotopa ndi kutopa kwabwino kumene kumaitana tulo.

Tisaiwalenso za ulemu. Mkazi wogwiriridwa, mkazi wamasiye ndi mkazi wa mkaidi onse amayenda mutu uli pansi, aliyense pa cifukwa cake. Amai a Ingoma Nshya anaima pamaso pa makamu a anthu akucita cinthu cimene agogo awo aakazi sanaloledwe kucita, ndipo anthu anawaombera m'manja. Anayenda m'maiko ena a mu Afirika, ku Ulaya ndi ku America. Munthu amene mudzi unkamudziwa ndi dzina la tsoka lake anayamba kudziwika ndi dzina la luso lake.

Zimene ofufuza anapeza

Zimene amai a ku Huye anazipeza ndi manja awo, akatswiri a m'maiko ena anaziyesa mwa njira zao. M'caka ca 2012 Robin Dunbar wa pa University ya Oxford ku England ndi anzake anaonetsa kuti anthu amene angomaliza kuimba, kubvina kapena kuliza ng'oma amapirira ululu nthawi yaitali kuposa mmene anali asanayambe, pamene ongokhala pansi kumvetsera nyimbo sasintha motero. Iwo anaona kuti cocititsa ndi mankhwala acibadwa amene ubongo umatulutsa, ochedwa endorphin, amene amacepetsa ululu ndi kubweretsa cisangalalo.

M'caka ca 2016 Daisy Fancourt ndi anzake a pa Royal College of Music mumzinda wa London anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa anthu obvutika maganizo amene ankakumana kamodzi pa sabata kuimba ng'oma pamodzi kwa masabata 10. Anapeza kuti nkhawa ndi cisoni copitirira muyeso zinacepa, ndipo patapita miyezi itatu maphunzirowo atatha, phindulo linalipobe. Anthu oyesedwawo anali owerengeka, ndiponso sanali opulumuka kunkhondo, motero sitinganene kuti ng'oma ndi mankhwala a bvuto liri lonse. Komabe zofufuza ziwirizi ziloza kumodzi: phindu lalikulu liri kwa amene atengako mbali, osati kwa woonerera.

Nyimbo ingathenso kupha

Anthu a ku Rwanda adziwa bwino kuposa ena onse kuti nyimbo payokha siyera. M'masiku a kupha aja, wailesi ya RTLM inkaulutsa maina a anthu ofunika kuphedwa ndi malo amene anabisala, ndipo pakati pa mauthengawo inkaika nyimbo zokoma kumva. Zina mwa izo zinali za Simon Bikindi, mmodzi wa oimba ochuka koposa m'dzikolo. M'mwezi wa December 2008 bwalo la milandu la United Nations lokhala ku Arusha m'dziko la Tanzania linapeza kuti nyimbo zake zina zinkalimbikitsa cidani pakati pa mitundu, ndipo linamulamula kukhala m'ndende zaka 15 cifukwa ca mau amene analankhula pa cimkuzamau ca pagalimoto m'mwezi wa June 1994, ouza anthu kuti aphe aTutsi.

Mphamvu imene imamanga anthu pamodzi kuti akhale ngati thupi limodzi ndi yomweyo m'nyimbo ya cidani ndi m'nyimbo ya ciyanjano. Kusiyana kuli pa amene aitanidwa kulowa m'bwalo. Nyimbo za pa wailesi ija zinkasonkhanitsa mtundu umodzi kuti uukire unzake. Mai Katese anaika mitundu yonse pamzere umodzi, napatsa aliyense timitengo tofanana.

Ng'oma siimaliza zonse

Kungakhale kunamiza awerengi kunena kuti ng'oma yokha ndiyo inakonza zinthu. Wophedwa sabwerera, ndipo mlandu umafuna ciweruzo. Dziko la Rwanda linatsegula mabwalo a m'midzi ochedwa gacaca, dzina locokera ku udzu umene anthu amakhalapo pokamba milandu. Oweruza ake anali anthu wamba osankhidwa ndi anzao cifukwa ca kukhulupirika. Mabwalowa anayamba kuyesedwa m'caka ca 2002, ndipo potsekedwa m'mwezi wa June 2012 anali ataweruza milandu yoposa 1,900,000. Anali ndi zofooka zake zimene anthu anadandaula nazo, koma kupyolera mwa iwo mabanja ambiri anamva mmene abale awo anafera ndi kumene mitembo yao inatayidwa, nakaiika m'manda mwaulemu.

Njala nayonso siimva ng'oma. Amai a Ingoma Nshya anali ndi ana ofuna cakudya ndi ndalama za sukulu. Mai Katese anagwirizana ndi amai awiri a ku America, Jennie Dundas ndi Alexis Miesen, eni ake a sitolo ya aisikilimu ya Blue Marble ku Brooklyn mumzinda wa New York, ndipo m'caka ca 2010 amai oimba ng'oma anatsegula sitolo yaoyao ya aisikilimu ku Butare, yochedwa Inzozi Nziza, kutanthauza maloto okoma. Anapanga bungwe la cigwirizano, naphunzira kuwerengera ndalama ndi kusamalira makasitomala, ndipo mkaka ndi zipatso ankagula kwa alimi a m'deralo. Anthu amene anaphunzira kusungirana mayendedwe a nyimbo anafika posungirana ndalama, cimene ndi ciyeso cacikulu ca kukhulupirirana. Nkhani imeneyi inajambulidwa m'kanema yochedwa Sweet Dreams ya m'caka ca 2012, yopangidwa ndi Lisa Fruchtman ndi mlongo wake Rob Fruchtman.

Nchito siinathere pamenepo. Mai Katese anasonkhanitsa makalata amene anthu a ku Rwanda, opulumuka ndi akupha omwe, analembera akufa a m'caka ca 1994, ndipo pa makalatawo anamangapo sewero lochedwa The Book of Life, limene amai a ng'oma anaimbamo pa cikondwerero cacikulu ca masewero mumzinda wa Edinburgh ku Scotland m'caka ca 2022. Anayambitsanso nchito yochedwa Gira Ingoma yophunzitsa ng'oma atsikana a m'masukulu a ku Huye, ana obadwa zaka zambiri kupha kuja kutatha.

Nanga kuno kwathu?

Dziko la Zambia silinaonepo tsoka la mtundu umenewu, koma silinakhale kutali ndi anthu oliona. Othawa nkhondo ya ku Mozambique anakhala pakati pathu ku Ukwimi m'dera la Petauke kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo ena ocokera ku Rwanda analandiridwa ku Meheba m'cigawo ca kumpoto cakumadzulo. Kupatula apo, mudzi uli wonse uli ndi anthu ake osweka mtima: agogo amene anaika ana awo onse m'manda m'zaka zimene matenda a AIDS anasesa midzi, mai womenyedwa m'nyumba zaka zambiri, mnyamata wopulumuka yekha pangozi ya galimoto.

Makolo athu anaidziwa kale nzeru imene amai a ku Huye anaitsitsimutsa. Pamaliro sitimusiya wofedwa kulira yekha. Timagona pasiwa ndi kuimba naye mpaka mbandakuca. Amai akamasinja awiriawiri pamtondo, misi ikulandizana, amatulutsa m'nyimbo madandaulo amene sangawanene pamaso pa apongozi. Pakati pa aTumbuka a ku Lundazi ndi a ku Malawi, wodwala vimbuza amabvina pakati pa bwalo pamene abale ake akumuimbira ndi kumuombera m'manja. Monsemo wobvutikayo amakhala mkati mwa nyimbo, ndipo anzake amamuzungulira. Akulu anati mutu umodzi susenza denga.

Cimene tingatengepo pa amai a ku Rwanda ndico kusaleka msanga. Ife timaimba usiku wa maliro, ndipo tikabalalika wofedwa amatsala yekha pamene cisoni ceniceni cikuyamba. Iwo anakumana sabata ndi sabata kwa zaka zambiri. Atsogoleri a makwaya, a magulu a amai, a cimtali ndi a magule ena angacite bwino kuyang'ana amene analeka kubwera cigwereni tsoka, ndi kukamutenga kunyumba kwake. Asamufunse zambiri, ndiponso asamukhazike pampando wa alendo kuti aonerere. Ampatse mbali yake, kaya ndi liu, kaya ndi cisekese, kaya ndi kuomba m'manja, kuti adziwe kuti akasowa nyimbo iperewera.

Pomaliza, pali zizindikiro zosafunika kuzengereza nazo. Munthu akakhala masabata ambiri osagona, akaleka kudya ndi kusamba, akayamba kumwa mowa mopitirira kuti aiwale, kapena akanena mau osonyeza kuti afuna kudzipha, abale amuperekeze kucipatala mwamsanga kuti akaonane ndi anchito a zaumoyo odziwa matenda a maganizo. Akabwerako, malo ake pamzere wa oimba akhale akumudikira.